Kodi mapiritsi angafewetse mtima wa amuna anga?

Adokotala, amuna anga sakhutira ndi chilichonse. Ndikachapa amabwereza, ndalama iliyonse amailemba m'kabuku, za tchuthi safuna n'kumva komwe, ndipo ana amawaopa. Takhala chonchi zaka 14. Mchemwali wanga wandipatsa mapiritsi a fluoxetine omwe anamutsalira, akuti amathandiza anthu otere. Ndiziwaikira angati m'chakumwa? — Mayi wotopa

Mayi, mwafunsa za mapiritsi, koma chikukusowetsani tulo n'choti mwina olephera ndinu. Si inu ayi. Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi OCPD, khalidwe lokhazikika lofuna zonse zikhale ndendende ndi kuumirira malamulo, ngakhale sindingapime munthu kudzera m'kalata.

Ambiri amasokoneza OCPD ndi OCD. Wa OCD amazunzika ndi maganizo omwe iye mwini sawafuna, amasamba m'manja kambirimbiri akudziwa kuti n'zosafunika. Ameneyo fluoxetine kapena sertraline amamuthandizadi, ngakhale pamatenga masabata 8 mpaka 12. Wa OCPD amaona kuti wolondola ndi iyeyo, olakwa ndi ena onse. Mankhwalawa amagwira pa serotonin, kemikolo yonyamula mauthenga mu ubongo, sangazule zomwe munthu wakhala akukhulupirira kuyambira unyamata. Palibe piritsi lovomerezedwa kuchiza khalidwe limeneli. Timawapereka pamene munthuyo ali ndi matenda okhumudwa kapena nkhawa yaikulu pamwamba pake, ndipo zimenezo zikachepa, ena amafewako pang'ono.

Zowaikira mobisazo, chonde musayerekeze. Mankhwalawa amatha kuyambitsa nseru, kusowa tulo ndi kuchepa kwa chilakolako cha m'banja, komanso amadana ndi mankhwala ena. Ndiye munthu wowerengetsera chilichonse chonchi atazindikira, adzakukhulupiriraninso? Mchemwali wanuyonso, anamutsalira bwanji? Ngati anasiya yekha, akaonane ndi amene anamulembera.

Zaka 14 n'zambiri kupirira chamumtima, Mayi. Chithandizo chenicheni ndi uphungu wa katswiri wa zamaganizo, monga wa CBT, wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, ndipo chimatenga miyezi. Yambani mwapita nokha kuchipatala, mukafunse ogwira ntchito za thanzi la m'maganizo, mukafotokoze zanu ndi za ana. Bambowo musawauze kuti ndi odwala, akana. Lowerani pa chomwe chimawapweteka iwo, kaya kutopa, kaya mikangano kuntchito. Ngati pakhomo pali kumenya kapena kuopseza, chimenecho mukachitchule poyamba.