Ndere zodzuka patatha zaka 400

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa Sitandade 7 ku Chinamwali. Mwana wina wandifunsa ngati kuzizira kungaphe ndere zobiriwira zija timaziona pamiyala ya ku Williams Falls. Ndasowa chomuyankha.
Mphunzitsi, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, mwana ameneyo musamutaye! Chisanu cha mu June paphiri la Zomba n'chibwana kwa tizomera timeneti.

Pachilumba cha Ellesmere, kumpoto kwenikweni kwa Canada, chimulu cha madzi oundana chotchedwa Teardrop chakhala chikusungunuka n'kumabwerera m'mbuyo. Pamalo pamene chasiya, katswiri wa zomera Catherine La Farge wa ku University of Alberta anapeza ndere zakuda bii, zokwiririka pansi pa madzi oundanawo kwa zaka pafupifupi 400. Zina zinali ndi timphukira tobiriwira. Atazidzala m'labotale, zina zinameradi, ndipo analengeza zimenezi mu 2013. Nditangomva ndinati n'nthano, koma ayi.

Ndere zilibe mizu yeniyeni, ndipo kachidutswa kochepetsetsa kamatha kutulutsa chomera chathunthu. Izo ndi azibale ake aphwatalala otchedwa liverworts zimafulumira kumera pamene ayezi wachoka. Zimagwira fumbi ndi chinyontho, zikawola n'kusanduka dothi lomerapo udzu.

Mukapitanso kumathithiko, anawo aponde bwino, pamaterera.