Chifukwa chake Coyote sagwa mpaka atayang'ana pansi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake Wile E. Coyote, chinyama cha m'makatuni chonga nkhandwe, amathamangabe m'malere akapitirira m'mphepete mwa phompho, n'kudzagwa pokhapokha akayang'ana pansi. Nkhani yagona pa kawerengedwe ka nthawi. Makatuni amenewa, omwe Chuck Jones anayamba kupanga ku Warner Bros. mu 1949, ankaonetsedwa m'nyumba za kanema filimu yaikulu isanayambe, ndipo ankatenga mphindi 6 kapena 7 basi. Nthano yaitali inalibe malo, choncho ankangolumikiza misampha: Coyote aitanitsa chida ku kampani yongopeka ya Acme, atchera, Road Runner (mbalame yaliwiro imene iye amafuna kuigwira) adutsa bwinobwino, chida chitembenukira mwini wake.

Woonera amadziwa kale kuti agwa. Chomuseketsa n'kudikirako. Sekondi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi 24, ndiye wojambula amamuimika kaye m'malere, apapase pansi ndi phazi, atiyang'ane ife mwachisoni, kenako thupi ligwe, khosi litamuke, mutu utsatire pambuyo. Mukafupikitsa kaimidwe kameneka, woonera sazindikira kuti Coyote walidziwa tsoka lake. Mukatalikitsa, nthabwala imazizira. Kugwako amakujambula ngati tikuyang'ana tili pamwamba, iye akucheperachepera, mpaka kafumbi kakang'ono n'kuti phwii pansi pa phompho.