Kanyumba kosungiramo chimanga ku Jali

FUNSO: Ndikufuna kumanga ndekha kanyumba kosungiramo matumba a chimanga ndi makasu kumudzi kwathu ku Jali. Kakale kanadyedwa ndi chiswe. Nditani? Wowerenga, Zomba.

YANKHO: Bambo, sankhani malo okwera, mvula ya ku Zomba siseka ndi munthu. Njerwa umbani mu Julaye kuti denga likhale litatha mvula isanayambe mu Novembala. Maziko akhale a miyala kapena njerwa zootcha, pamwamba pake muyale pulasitiki kuti chinyezi chisakwere khoma. Mitengo ya bulugamu muisende makungwa, iume, kenako muipake oyilo wakutha wa galimoto. Amanunkha, inde, koma ine kwathu ku Chingale ndimatero. Matumbawo musawagoneke pansi. Akhale pathandala, motalikirako ndi khoma, mphepo izidutsa.