Akamati "estará en casa" sakunena za mawa ayi

Mayi wina amene akudziphunzitsa Chisipanishi wanditumizira imelo. Akuti m'sewero lina la pa TV la ku Mexico anaona mzimayi atayima pawindo, nkhawa ili tho, akunena kuti "¿Dónde estará mi hijo?" Iwo anaphunzira kuti estará ndi nthawi yam'tsogolo. Ndiye akufunsa kuti, bwanji mzimayiyu akukamba zam'tsogolo pomwe mwana wasowa pompano?

Mayi, makutu anu sanakunamizeni. Mneni wa nthawi yam'tsogolo m'Chisipanishi amagwiranso ntchito ina, yongoganizira zimene zikuchitika panopa. Mzimayi uja akudzifunsa kuti, kaya mwana wangayu ali kuti. Wina atamuyankha kuti "Estará en casa de su abuela", ndiye kuti akuti, ayenera kuti ali kwa agogo ake. Sanamuone, akungoganiza.

Tiyerekeze mwafunsa nthawi mumsewu ku Madrid. Amene wayang'ana foni adzati "Son las tres", ndi 3 koloko. Amene alibe wotchi, wangoponya maso kudzuwa, adzati "Serán las tres", iyenera kuti ndi 3 koloko. Chimodzimodzi zaka za munthu: "Tendrá unos cuarenta años", zaka zake zingakhale 40. Onani kuti tener (kukhala ndi) sakhala tenerá koma tendrá, ndipo haber (kukhalapo) amakhala habrá. Awiriwa alowezeni msanga, mudzawamva kawirikawiri.

Ine ndimalangiza kuti njira iyi muiphunzire isanafike ina iliyonse. Ku Latin America anthu akamacheza zam'tsogolo amakonda ir a, monga "voy a salir" (ndituluka), moti mukamva estará kapena será pakamwa pa munthu, nthawi zambiri akungoganizira.

Njira zina zilipo. "Debe de estar cansado" ndi kunena kuti ayenera kuti watopa. Real Academia Española, bungwe loyang'anira Chisipanishi, imaloleza kusiya de uja poganizira, koma polamula, monga "debes estudiar" (uyenera kuwerenga), musamuikepo. Quizás ndi tal vez (mwina) zimatenga indicativo (mneni wamba) kapena subjuntivo (mneni wosonyeza kukayika), kutengera kukayika kwanu. Puede que imafuna subjuntivo nthawi zonse: "Puede que esté enfermo", mwina akudwala. Ngati subjuntivo ikukuvutanibe, gwirani a lo mejor, chifukwa imayenda ndi indicativo wamba: "A lo mejor está enfermo".

Za dzulo zili ndi mneni wake, condicional: "Serían las tres cuando llegó", inali nthawi ngati ya 3 koloko pomwe anafika. Koma izi mudzazione mukazolowera kaye estará ndi será.