Akufuna unamwino koma akuthawa Physics ndi Chemistry: yankho kwa malume a ku Luchenza

Sabata yathayi ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wogwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira pa Luchenza. Anapempha kuti dzina lawo lisatchulidwe, choncho ndingowatchula kuti achimwene. Iwowa akulera mwana wa malemu mchemwali wawo, mtsikana wa zaka 15 amene wakhoza JCE pa CDSS ina cha ku Goliati ndipo akulowa Fomu 3. Mtsikanayu akuti adzakhala namwino, koma akufunanso kusiya Physics ndi Chemistry chifukwa anzake amuuza kuti n'zovuta ndipo zimachulutsa mapoyinti. Achimwenewo afunsa kuti: "Kodi ndimulole? Nanga akadzakhoza, ine wa malipiro ochepa chonchi, fizi ya ku koleji ndidzaitenga kuti?"

Achimwene, musamulole. Ndayamba ndi yankho kuti musavutike kulifufuza m'munsimu. Koma osangomukaniza ngati mukuletsa mwana kusewera ndi moto. Mukhale naye pansi, mumuwonetse mmene zinthu zimayendera, chifukwa zimene anzakewo amuuza zili ndi kachoonadi pang'ono, ndipo kachoonadi kameneka ndi kamene kasokeretsa ana ambiri amene ndawaphunzitsa.

Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pass wamba, 9 ndiye kulephera. Mapoyinti amene timamva pa wailesi aja amapezeka powonkhetsa magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo. N'chifukwa chake wokhoza koposa onse amakhala ndi mapoyinti 6. Ana akamva zimenezi amawerengera mwachidule: nditenge zofewa, mapoyinti achepe, dzina limveke m'mudzi. Chimene sauzidwa n'chakuti koleji sikuti imangoyang'ana nambala yomalizayo ayi. Imayang'ana kuti makirediti akewo ali m'maphunziro ati.

Ndili ndi ana awiri m'mutu amene sindiwaiwala. Mnyamata wina, wanzeru kwabasi, anapeza 1 pa Chichewa, 1 pa Bible Knowledge, 2 pa Social Studies, 2 pa History, 3 pa Agriculture ndi 3 pa Chingerezi. Mapoyinti 12. Kwawo anapha nkhuku. Koma Masamu anapeza 8, Physics ndi Chemistry anazisiya ali Fomu 3, pamene mtima wake wonse unali pa uinjiniya. Tsiku limene anabwera kusukulu ndi fomu yofunsira malo, tinayenda ndi chala mzere ndi mzere, pulogalamu iliyonse imene ankaifuna ikuti kirediti ya Masamu, kirediti ya Physics. Anangokhala chete, kenaka n'kufunsa kuti, "Ndiye madamu, bwanji simunandiuze kale?" Funso limenelija limandipwetekabe, chifukwa ndinali pomwepo pamene ankasankha, ndipo ndinaona ngati si nkhani yanga. Chaka chomwecho mtsikana wina anapeza 4 pa Chingerezi, Masamu, Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture. Mapoyinti 24, palibe anamuimbira nthungululu. Lero amavala yunifomu yoyera, akugwira ntchito pa chipatala china cha mishoni.

Sukulu za unamwino zimafuna makirediti a Chingerezi, Masamu, Biology ndi sayansi inayo, Physics kapena Chemistry, ndipo zina zimafuna zonse ziwiri. Kale ziwirizi zinali phunziro limodzi la Physical Science, pano anazigawa. Ndiye mwana akasiya zonse ziwiri mu Fomu 3, wadzitsekera yekha khomo la unamwino zaka ziwiri mayeso asanafike, ndipo pamodzi nalo watseka la udokotala, la zamankhwala, la ntchito za mu labotale ndi la uinjiniya. Mmera mpoyamba, achimwene. Bible Knowledge ndi Social Studies si zoipa, atha kutengako chimodzi chowonjezera ngati ndandanda ya pasukulupo ikulola. Koma zisalowe m'malo mwa sayansi.

Ndikudziwa chimene mungandiyankhe. Pa CDSS zambiri labotale kulibe, kapena ilipo koma mashelefu ali mbee. Mphunzitsi wa Chemistry ndi mmodzi, mwinanso ndi yemweyo wa Masamu ndi Physics, ndipo mwana amayenda mtunda wautali, pofika m'kalasi mphamvu zathera m'njira. Izi n'zoona ndipo sindikuzichepetsa. Komabe MANEB imapereka mayeso amodzimodzi kwa mwana wa pa CDSS ndi wa ku Providence ku Mulanje kapena wa pa Thyolo Secondary, choncho pafunika kumuthandiza kuti atseke mpatawo. Pitani nokha kukaonana ndi ahedi, mufunse ngati ana a Fomu 3 ndi 4 amapita kukachita mapulakitiko kusukulu ina yoyandikana nayo. Sukulu zimagawidwa m'magulu otchedwa cluster, ndipo nthawi zambiri zimabwerekana zipangizo ngati pali wina woikapo mtima. Mufunireni mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, awerenge ndi anzake atatu kapena anayi amene ali ndi cholinga chimodzi, osati gulu la anthu khumi longocheza. Ndipo ngati pali kandalama kamene mungaike pambali mwezi ndi mwezi, kapite kwa womuthandiza Masamu. Mwana amene Masamu akhazikika, Physics siimuopsanso kwenikweni.

Chinanso, ndipo ichi ndikunena monga mayi: mufunseni kuti kunyumba nthawi yowerenga amaipeza liti. Mwana wamkazi wamasiye amasanduka wantchito wa pakhomo popanda wina kuzindikira. Kutunga madzi ndi iye, kuphika ndi iye, kulera ana aang'ono ndi iye, nthawi yokolola nandolo ndi iye. Akatsegula buku ndi usiku, maso akulemera. Ndiye akamati Chemistry ndi yovuta, mwina kuvuta kwake kwagona pamenepa. Inu ndinu malume, mwini mbumba, mawu anu amamveka. Muuzeni aliyense pakhomopo kuti maola awiri madzulo ndi a mwanayu, ndipo mumugulire kanyali ka sola.

Tsopano za kumene angapite akamaliza. Ife a kuno tili ndi mwayi umene sitiuona chifukwa tauzolowera. Mwanayu amaphunzira cha ku Goliati, kutanthauza kuti MUST, yunivesite ya sayansi ndi luso ija inatsegulidwa mu 2014 pa Ndata, ili pakhomo pake penipeni. Ana ambiri a m'midzi yozungulira amangoona nyumba zake zazitali ali pa kabaza, osaganiza n'komwe kuti nawonso angakaphunziremo. Kumeneko kuli maphunziro a uinjiniya, zanyengo, zamiyala ndi nthaka, zamakompyuta, komanso a tizilombo toyambitsa matenda. Amachititsanso misasa ya sayansi ya atsikana a ku sekondale, ndiye afunseni aphunzitsi ake kuti amuganizire mwayi ukapezeka. Mwana akangoponda mu labotale yeniyeni kamodzi, amabwerako ali wina.

Digiri ya unamwino imapezeka ku KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, komanso ku Mzuzu University. Malo m'mayunivesite aboma amafunsiridwa pamodzi kudzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ndipo poyambira pake ndi makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi. Poyambira chabe. Ofuna malo ndi ochuluka kuposa malowo, ndipo unamwino ndi umodzi mwa mapulogalamu olimbiranidwa kwambiri. Podzadzaza fomu asadzalembe mapulogalamu okhaokha amene aliyense akuthamangira. Aikepo amene mtima wake uli, inde, koma aikeponso ena amene magiredi ake akukwanira bwino.

Koma yunivesite si njira yokhayo, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri timalakwitsa, timayesa kuti mwana amene dzina lake silinatuluke pa NCHE basi zake zada. Ku Makwasa kuli Malamulo College of Health Sciences, pa mishoni ya Seventh-day Adventist imene inayamba mu 1902, ndipo akhala akusula anamwino, ma clinical officer ndi a mu labotale kwa zaka zambiri. Ku Mulanje Mission kuli koleji ya unamwino ndi uzamba ya CCAP, ku Phalombe kuli Holy Family ya Akatolika. Boma lili ndi Malawi College of Health Sciences ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Kumeneku mwana amatenga dipuloma, n'kuyamba ntchito, ndipo digiri atha kudzaiwonjezera pambuyo pake. Sukulu zimenezi zimalengeza zokha nthawi yofunsira malo, choncho pamafunika kutchera khutu ku nyuzipepala ndi pa masamba awo a pa intaneti. Akadzasintha maganizo, pali uphunzitsi ku Chiradzulu kapena Phalombe TTC ngakhalenso ku Amalika konkuno ku Thyolo, pali zaulimi ku LUANAR, pali ntchito zamanja kudzera ku TEVETA monga ku Soche Technical College ku Limbe. M'dera la tiyi ndi makadamiya ngati lathu lino, wodziwa zamagetsi kapena kukonza makina a m'fakitale sagona ndi njala.

Ndisakunamizeni, ngakhale anamwino ndi aphunzitsi omaliza maphunziro amadikira ntchito yaboma, ena kwa zaka ndithu. Mwanayu adziwiretu zimenezi. Komabe kudikira uli ndi pepala ndi luso m'manja n'kosiyana ndi kudikira wopanda kanthu.

Chenjezo limodzi lokha, chifukwa ndinaona mwana wa mnansi wanga akulira. Anaphunzira zaka ziwiri pa koleji ina ya m'tauni, makolo atagulitsa mbuzi zonse ndi kubwereketsa munda, kenaka n'kudzamva kuti pepala lakelo silizindikirika kulikonse. Musanalipire ngakhale tambala, fufuzani ngati kolejiyo ndi pulogalamuyo zili pa mndandanda wa NCHE, ndipo ngati ndi unamwino, ngati Nurses and Midwives Council of Malawi imaivomereza. Wina akakuimbirani foni kuti tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money ndikupezereni malo, dulani foniyo.

Nkhani ya fizi ndiyo ikukusowetsani tulo, ndikudziwa. Thandizo lilipo, koma silifika pakhomo lokha, ndipo limafuna mapepala amene anthufe sitisunga. Yambani lero. Funani kalata yotsimikizira imfa ya mayi ake, kalata ya amfumu yonena kuti mwanayu akuleredwa ndi inu, ndi malipoti ake onse a kusukulu, muziike mu envelopu imodzi pamalo posafika chinyezi ndi chiswe. Akakwanitsa zaka 16 akalembetse chitupa cha unzika, ndipo muonetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa chimodzimodzi ndi mmene zilili ku MANEB. Chilembo chimodzi chosiyana chimayendetsa munthu maulendo angapo ku boma.

Pakali pano, ali ku sekondale, pitani ku ofesi ya Social Welfare kwa DC ku Thyolo mukamulembetse ngati mwana wamasiye wofunika thandizo. Funsaninso a komiti ya chitukuko ya m'dera lanu za bursary ya mu thumba la CDF. Ahedi ndi amayi a mother group ndi amene amapereka maina mabungwe ngati CAMFED, limene limathandiza atsikana ovutika, akafuna ana oti awathandize, ndiye ngati sakudziwa nkhani ya mwanayu, dzina lake silingatuluke. Musachite manyazi kufotokoza mmene zinthu zilili. Ndaona ana ambiri oyenera akuphonya thandizo chifukwa owalera anaona ngati kupempha n'kudzichotsa ulemu. Kumpingo kwanu nakonso nenani, ndipo ngati pali wachibale wogwira ntchito pa esiteti, afunse ku ofesi ngati ali ndi dongosolo lothandiza ana a sukulu.

Akadzasankhidwa ku yunivesite, pali bungwe la boma la HESLGB, limene linakhazikitsidwa mu 2015, lopereka ngongole kwa ophunzira osowa. Imeneyi ndi ngongole, amadzabweza akamaliza, ndipo si onse ofunsira amene amapatsidwa, komanso nthawi zambiri siikwanira zonse. Apa ndi pamene envelopu ija idzagwire ntchito, chifukwa amafuna umboni wa umphawi, osati mawu apakamwa. Palinso masikolashipi akunja, monga a Mastercard Foundation, amene amayang'ana magiredi komanso zimene mwana wachitapo pothandiza anzake ndi dera lake. Choncho akasankhidwa kukhala prefect kapena kutsogolera kalabu ya sayansi, musati akutaya nthawi.

Ngakhale thandizo litapezeka, padzafunikabe ndalama ya fomu, ya thiransipoti yopita ku intavyu, ya chikwama, zofunda ndi sopo wa temu yoyamba. Zimenezi n'zimene zimagwetsa ana pa khomo penipeni. Muli ndi zaka ziwiri. Lowani banki m'khonde, kapena mugule kambuzi kakakazi kamodzi mukasiye kumudzi, muuze abale onse kuti aka n'ka sukulu ya mwanayu, sikogwira pa maliro kapena pa Khirisimasi. Aitaneninso a kuchimuna, kwa bambo ake, ngati alipo, amve dongosololi lisanafike povuta.

Tsiku lina la mkati mwa sabata mukapeza mpata kusitolo, mutengeni mukwere naye minibasi mpaka ku Makwasa kapena ku Mulanje Mission. Mukapemphe pepala la zofunika polowa, awerenge yekha ndi maso ake mzere umene walembedwa Physics ndi Chemistry, ndipo ngati mungapeze wophunzira unamwino mmodzi woti acheze naye kwa mphindi khumi, mumusiye afunse zimene akufuna. Mukabwerako mundilemberenso, ndimve kuti wasankha chiyani.