Yankho kwa achemwali ofunsa za opaleshoni ya gastric band

Achemwali, mwafunsa ngati tchuthi cha milungu iwiri chikukwanirani mukachitidwa opaleshoniyi, yomanga lamba kumtunda kwa chifu kuti munthu azikhuta msanga n'kuchepa thupi, komanso chifukwa chake adokotala akuuzani kuti musinthiretu zakudya.

Za zakudyazo musazipeputse. Chiwindi chimaphimba kumtunda kwa chifu, ndiye dokotala amayenera kuchikweza kuti afike pomanga lambayo. Mwa munthu wonenepa kwambiri chimakhala chachikulu ndi mafuta, koma milungu iwiri yochepetsa shuga, nsima, mpunga ndi zokazinga opaleshoni isanachitike imachiphwetsa. Ngati mumasuta fodya, lekani pano.

Pa ntchito ya muofesi milungu iwiri imakwana kwa ambiri, poti amangoboola timabowo pamimba. Zonyamula katundu wolemera dikirani kaye. Muyambe kuyenda pang'onopang'ono tsiku la opaleshoni lomwelo kuti magazi asaundane m'miyendo. Phewa likamawawa musadabwe, ndi mpweya umene amapopera m'mimba.

Nkhondo yeniyeni ili pa mbale. Poyamba ndi zamadzimadzi zokha, kenako phala losalala ndi zopota, zolimba cha m'ma milungu 6. Buledi, mpunga ndi nyama youma zimakonda kukakamira pa lambapo. Nsima muzitema timbamu tating'ono, kutafuna mofatsa, osatsitsira madzi. Lambayo amamuthinitsa pang'onopang'ono pobaya madzi amchere kudzera pa kachipangizo kokhala pansi pa khungu, choncho kuchipatala muzipitako kawirikawiri. Ndalama zake muwerengeretu.

Mukamasanza mosalekeza, ngakhale madzi osatsika, thamangirani kuchipatala osadikira kuche, mwina lamba waterereka. Muwafunsenso adokotala za sleeve gastrectomy, opaleshoni yodula mbali yaikulu ya chifu kuti chichepe, chifukwa masiku ano ndiyo ikuchitika kwambiri kuposa lamba.