Za giza ndi cooker zomwe mwazipeza zakufa

Achemwali, mwafunsa chochita poti mwagula nyumba koma mwapeza giza (thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi) ndi cooker zili zakufa. Ndikuuzeni mosabisa: ngati ndalama yonse munapereka kale, ndipo giza ndi cooker sizinalembedwe pa mgwirizano wogulitsirana, kuti akubwezereni kanthu zivuta. Ogulitsa ena amadziwa bwinobwino kuti chinthu chinafa. Tsiku lokaona nyumba amati "mayunitsi atha", inu n'kumangosirira matailosi ndi penti. Mwalowa, chiperoni chakuta Thyolo yense, mwayatsa giza m'bandakucha kuti ana asambe, breaker (switch yomwe imadula yokha magetsi pakakhala vuto) yagwa, nyumba yonse bii. Mwaikweza, yagwanso. Kukwera kudenga mupeza siling'i yonyowa, yakuda ndi nkhungu, pansi pa giza pali beseni lolandirira madzi. Beseni limenelo analiika ndi munthu, ankadziwa! Mukamuimbira wogulitsayo sayankha, akayankha ndiye "ine ndimachoka zikugwira ntchito". Khalidwe limeneli limandinyansa kwambiri.

Musanakangane naye, itanani wamagetsi aone chomwe chafa. Breaker ikamagwa giza ikangoyatsidwa, kawirikawiri ndi element (chitsulo chotenthetsa madzi mkati mwa giza) yang'ambika, madzi akukhudza waya wa mkati. Imeneyo imasinthidwa, pamodzi ndi gasket yake (labala yotchinga madzi kuti asadonthe), ndipo ayesenso thermostat (kachipangizo kozimitsa giza madzi akatentha mokwanira). Giza ya malita 150 nthawi zambiri imakhala ndi element ya 3kW, koma tengani yakaleyo popita ku Limbe kuti musagule yosalowa. Akamanga, adzaze madzi kaye asanayatse, apo ayi yatsopanoyo ipsa nthawi yomweyo. Koma ngati madzi akudontha pathanki penipeni, yadyeka ndi dzimbiri, ndiye basi, ndi kugula ina. Cooker siyodetsa nkhawa: mbale imodzi ikakana kutentha ndi mbaleyo kapena switch yake.

Wamagetsiyo alembe zomwe wapeza ndi mtengo wake, inu mujambule zonse, beseni lomwe. Kenako pitani kwa wogulitsayo ndi mboni zomwe zinalipo pogula, kaya ndi agent, kaya ndi amfumu ngati malowo ndi a kumudzi. Ngati pali ndalama yotsala, musaipereke mpaka mugwirizane.

Enanu amene simunalipire, gulani nokha mayunitsi tsiku loyendera nyumba. Giza iyake maola awiri, mutsegule mpopi mumve kutentha. Firiji igone ikuyaka, m'mawa muone ngati yaumitsa madzi. Ikamangolira "ke, ke" n'kuzima, vuto ndi compressor (injini ya firiji) kapena relay, kachipangizo koiyatsa. Mabatire a sola ayezedwe m'mawa dzuwa lisanatuluke: la 12V likamawerenga pansi pa 12 litapuma, latopa. Chilichonse chotsala m'nyumba chilembedwe dzina ndi serial number, chifukwa ena amachotsa chabwino n'kuikapo chakutha usiku wosamuka. Lembaninso manambala a pa mita ya madzi, mukafunse ku Southern Region Water Board ngati palibe ngongole. Gawo lina la ndalama ligwireni kwa sabata ziwiri mutalowa, ndipo zimenezi zilembedwe.

Komabe achemwali, musapite kwa wogulitsayo ndi ukali. Ngati ndi element yokha, ingokonzani nokha, ndalama ya mayendedwe opita kukhoti ikhoza kuposa mtengo wake. Ngati ndi thanki, mupempheni mwaulemu kuti mugawane pakati, ndipo akavomera asainire pomwepo mboni zikuona, ndi tsiku lomwe adzapereke.